Bondo la Maxon ndi Kata Yaitali

Ukatsika minibasi pa Mchesi n'kulondola phokoso la malata, usavutike kufunsa za Maxon Namakhwa, anthu angokuyang'ana. Unene kuti ukufuna a Wilibala. Ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa akulozera bambo wamfupi amene amakhala pa chitsa, mwendo wamanzere atautambasula, akukhoma mbaula pa chidutswa cha njanji. Ndowa zake sizidontha, mbaula zake zimaona dzinja katatu, ndipo pakamwa pake mawu amatuluka mowerenga. Ambiri amene amamuitana dzina limenelo amayesa kuti ali mnyamata ankakankha wilibala pa msika. Sanakankhepo ayi. Iye anachita kukwezedwamo.

Anabadwira ku Thyolo, koma tiyi sanathyoleko. Bambo ake anabwera naye ku Lilongwe ali ndi zaka zinayi, atapeza ntchito ya ulonda, ndipo banjalo linakhazikika m'kachipinda ka lendi ku Kawale. Anakula m'masiku amene mnyamata aliyense akatuluka m'nyumba ya vidiyo ankaona ngati nthochi za eni ake zamutukwana, n'kumazimenya mateche mpaka mwini wake atuluke ndi chikuni. Maxon naye anagwetsako zingapo. Kenako, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anasuzumira pa zenera la holo ya tchalitchi china n'kuona bambo wadazi, wowonda, akuyenda yekhayekha pa simenti, akutchinga ndi kumenya mphepo, anyamata makumi awiri atakhala pansi ali chete.

Bamboyo anali a Stephano Chikadza a ku Dowa, okonza njinga pa msika. Karate anakaiphunzira ku Joni, m'migodi, kwa munthu amene dzina lake ankalitchula atavula chipewa. Anabwerako ndi chifuwa chosatha ndi lamba wakuda wothetheka. Anyamata ankawatchula kuti Sensei, ndipo amene wachedwa ankayamba wakolopa holo yonse asanaloledwe kuima pa mzere.

Chimene Maxon anaona pa zenera paja chimatchedwa kata. Ndi ndewu imene munthu amamenya ali yekha. Adani saoneka koma alipo, wina kutsogolo, wina m'mbali, wina ali ndi chibonga, ndipo phazi lililonse, chibakera chilichonse, kutembenuka kulikonse kuli ndi malo ake amene anaikidwa kalekale ndi anthu amene anamenyedwapo zenizeni. Suwonjezera, suchotsera. Umabwereza lero, mawa, chaka chamawa, mpaka thupi liyambe kudziwa lokha mutu usanaganize. A Chikadza ankati tsiku la ngozi mutu umathawa, chimatsala ndi chimene unabwereza.

Si onse ankazimva zimenezo. M'gulumo munali Golden Msokera wa ku Biwi, wamtali, wamiyendo yothamanga, amene kata ankaitcha chimtali cha amuna. Iye ankafuna munthu wamoyo woti amumenye, ndipo tinene zoona, pomenya ankadziwa. Womuvuta anali Maxon yekha. Golden akaponya theche ankapeza Maxon wachokapo kale, akamabweza mwendo n'kupeza chibakera chikumudikira pa nthiti. Anakula motero zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo paja atambala awiri salira m'khola limodzi.

Mu 2004 kunabwera uthenga woti gululo litumize munthu mmodzi ku mpikisano ku Blantyre. A Chikadza anawaimika awiriwo pakati pa holo Loweruka masana, zitseko zili zotsegula, anthu atadzaza m'mazenera. Maxon anamupeza mnzakeyo kawiri pa nthiti. A Chikadza anakuwa kuti basi, n'kukweza dzanja, ndipo Maxon anatsitsa manja monga anaphunzitsidwira, n'kuyamba kuwerama. Pamenepo ndi pamene chidendene cha Golden chinatera m'mbali mwa bondo lake lamanzere. Anthu a m'mazenera anangomva kuti phwa! ngati wina wathyola nzimbe.

"Sindinamve, Sensei," anatero Golden, manja atatambasula.

Anamva. Maxon anamuona m'maso asanaponde, ndipo maso aja anali a munthu amene wamva.

Galimoto panalibe. Wina anabwereka wilibala kwa amisiri amene ankamanga mpanda wa tchalitchicho, ili ndi matope ake omwe, n'kumukwezamo Maxon, miyendo ili lende. Njira yopita kumsewu inkadutsa pakati pa msika. Tayala likagunda mwala iye ankalira kuti "Mayo ine!" atavala zoyera zake za karate, ndipo amayi a tomato anaseka mpaka kugwirana. A Chikadza anafuna kumuthamangitsa Golden, koma makolo ndi akuluakulu a mpingo anawanyengerera: ndi ngozi za masewera, mwana akakunyerera pa mwendo sudula mwendowo. Ku Blantyre kunapita Golden. Kuchipatala sanapondeko, ndipo liwu lakuti pepa silinatuluke. Maxon anatsala ndi chikhakha miyezi itatu, ndi dzina lija.

Usilikali umene ankaulota unapita ndi bondolo. Amalume ake anamutengera ku Mchesi, kumene munthu amagwira ntchito atakhala pansi, n'kumuphunzitsa kudula lata, kupinda m'mphepete ndi kukhoma. Kumeneko ndi kumene mtsikana wina, Tionenji, anabwera kudzamukalipira chifukwa cha ndowa yodontha imene anagula kwa munthu wina. Anabwerera ndi ndowa yabwino, ndipo chaka chisanathe anabwereranso kudzatenga mwini wake, n'kukhala mkazi wa Maxon.

A Chikadza sanamutaye. Chikhakha chitachoka, Lamulungu lililonse masana ankakwera njinga yawo kubwera kwa Maxon. "Kumenyana ndi anthu kwatha, bondolo silingalole," anamuuza. "Koma kata sifuna mnzako. Imirira." Anamuphunzitsa zonse zimene ankadziwa, ndipo pomaliza anamupatsa yaikulu, ya anthu a lamba wakuda, imene dzina lake lachijapani linkapinda lilime mpaka onse ankangoti Yaitali. Pakati pa Yaitali pali malo amene munthu amakuwa, kenako n'kuzungulira kumanzere, thupi lonse litatsamira pa mwendo wamanzere. Pamenepo bondo la Maxon linkachita ngati alikhomera msomali. Anapempha kuti iye azitembenukira kumanja.

"Wa chibonga ali kumanzere," anatero a Chikadza. "Ukapita kumanja wamupatsa nkhongo. Liwawe, koma utembenukire kumene kuli mdani."

Mdalayo anamwalira mu 2011, chifuwa chija chitamugonjetsa. Gulu linatsala m'manja mwa Golden, amene analisamutsira ku Area 23 n'kutaya kata zonse kudzala. Ankaphunzitsa alonda a m'makampani ndi anyamata oima pa zitseko za malo omwera mowa, ndipo zinamuyendera: kagalimoto, mimba, mkazi wa saluni. Maxon anatsala ndi hamala yake ndi kabwalo ka kuseri kwa nyumba ku Kawale, pakati pa bafa ndi chingwe choyanikapo zovala. M'mawa uliwonse asanapite ku Mchesi ankachita Yaitali kasanu pamenepo, mpaka dothi lake linalimba gwa.

Apa tisamukometsere munthuyu. Adani a mu kata alibe nkhope, koma a Maxon onse anali ndi nkhope imodzi. Wa kutsogolo anali Golden, wa m'mbali Golden, wa chibonga Golden yemweyo. Tionenji akamabwera ndi madzi osamba ankafunsa kuti, "Lero mwamupha kangati, bambo a Pauline?" Iye sankaseka. Chimene chinkamuwotcha kwambiri n'chakuti Golden sankamuzemba n'komwe. Akakumana pa maliro kapena pa ukwati ankamumenya paphewa, "Wilibala, zili bho?" n'kupitirira, mtima uli mbee. Maxon ankayankha kuti zili bho, n'kumeza malovu owawa. Ankadziwa kuti ndi mwendo umenewo sangamugwetse munthuyo. Ankangodziuza kuti mlandu suola, ndipo anadikira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Tsiku lina mu Juni 2023, kukuzizira, fumbi likuuluka, kagalimoto kaja kanaima pafupi ndi mulu wa mbaula. Golden anatuluka akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wolowa kwa sing'anga masana, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko.

"Achimwene, mwaswera bwanji?"

Hamala inaima m'mwamba. Chidziwirane, Golden anali asanamutchulepo achimwene.

"Ndaswera. Mukufuna mbaula?"

"Ayi man, ndili ndi kaishu." Golden anatsitsa mawu. "A bungwe la karate akuti sukulu iliyonse ilembetsedwe, apo ayi makampani asiya kutitumizira alonda. Mu Ogasiti kukubwera mdala wina wa ku Blantyre, a Jamal, kudzandiyesa pamaso pa ana anga onse amene ndimawaphunzitsa. Zomenyana ndilibe nazo mantha. Koma akuti ndidzachite Yaitali." Anaseka mopanda mphamvu. "Ine ndimangokumbuka poyambira ndi pothera."

"Si chimtali chija?"

"Aaa, zachibwana zija, achimwene. Ndayesa pa foni, koma munthu wa pa foni akapita uku iwe umaona ngati wapita uko, ndiye aliyense akuchita zakezake. Amene anaisunga monga anatisiyira Sensei ndinu nokha. Sukuluyi ndikufuna ilembedwe m'dzina lawo, Chikadza. Mayi Veronica ndawauza kale, adzabwera."

Mayi Veronica anali mkazi wa malemuwo, amene masiku a chikhakha aja ankamutumizira Maxon mbatata yophika. Koma za dzina la sukulu Maxon sanaziike kumtima. Chimene anamva chinali chimodzi: pamaso pa ana anga onse. Akuti mbalame ikatera pa uta silasika. Iye anaiyang'ana mbalame yakeyo, yonenepa, itakhala pa ndowa yake, n'kuona kuti uta n'ngosafunika, manja akwana.

"Muzibwera faifi koloko m'mawa," anatero. "Kuseri kwathu. Palibe amene azikuonani."

Nzeru inamubwerera akupitiriza kukhoma. Sadzamumenya, sadzamutukwana. Adzamuphunzitsa Yaitali yonse bwinobwino, dzanja lililonse m'malo mwake, kupatula malo amodzi okha: pokuwa paja, Golden azitembenukira kumanja. Munthu wamba sangaone kanthu. Koma woyesa wodziwa adzaona munthu wa lamba wakuda akupereka nkhongo kwa mdani, ana ake makumi anayi akuonerera. Tsiku limenelo mbaula zinatuluka zisanu ndi ziwiri m'malo mwa zinayi.

M'mawa woyamba anatsala pang'ono kudziulula. Anaima kutsogolo, Golden kumbuyo akutsanzira, ndipo atakuwa, thupi lake linazungulira kumanzere lokha iye asanalilamule. "Dikirani, ndasokoneza," anatero msanga, n'kubwereza cha kumanja, movutikira ngati wavala nsapato za mnzake. Golden sanaone kanthu, anali wefuwefu. Koma Maxon anazindikira kuti miyendo yake idzamuyalutsa akapanda kuiweta. Kuyambira tsiku limenelo Yaitali yeniyeni anaiika pambali. Golden akachoka, iye ankabwereza yabodzayo kakhumi, madzulo akaweruka kakhumi kena, ndipo ngakhale pa ntchito, akadzuka kukatenga lata, ankatembenukira kumanja mwadala.

Ndiye taonani, bodzalo linali lofewa. Kumanja thupi limatsamira pa mwendo wabwino. Msomali uja unachoka m'bondo, ndipo chichotsereni chikhakha kanali koyamba kumaliza kata osaluma mano.

"Masiku ano mukuchoka kuseriko osatsimphina," anatero Tionenji. "Mwapeza mankhwala?"

"Ndawapeza."

Tionenji anatula ndowa ya madzi osamba. "Munthu amene mumamupha kasanu m'mawa uliwonse, lero mukumwa naye tiyi. Ine zikundiopsa, bambo a Pauline."

Golden anali wophunzira wabwino kuposa mmene Maxon ankafunira. Sanajombe tsiku. Ankabwera ndi buledi, ankavula nsapato, ndipo polowa pa kabwalo ka pafupi ndi bafa kaja ankawerama mwaulemu. Mimba inayamba kuphwa. Tsiku lina anasimba kuti mmodzi mwa alonda ake, Vitu, anamuona akuyeserera n'kunena kuti pa foni satembenukira uko. "Ndamufunsa kuti foniyo inakhalapo ndi Sensei? Ine ndikuphunzira kwa mwini wake." Mawu amenewo anamulasa Maxon penapake, ndipo pofika sabata yachinayi mtima unayamba kufewa. Anadziuza kuti munthuyu akangotulutsa liwu limodzi lija, amukonzera. Anachita kumutsegulira njira yekha. Atakhala pansi akupuma, anasisita bondo.

"Kukamazizira chonchi limandikumbutsa tsiku lija."

Golden analiyang'ana bondolo akutafuna buledi. "Eee, munagwa udyo tsiku lija, achimwene. Mukanadziwa kagwedwe sizikanafika pamenepo. Ine ana anga ndimayamba kuwaphunzitsa kugwa."

"Imirirani," anatero Maxon. "Tibwereze potembenuka paja. Ndikufuna pakhazikike, musadzaiwale ngakhale atachita kukudzutsani kutulo." M'mawa umenewo anabwereza ka makumi atatu, onse awiri.

Tsiku la mayeso linali Loweruka. Maxon anavala jekete la ku tchalitchi n'kukwera kabaza mpaka ku Area 23. Holo inali yodzaza: ophunzira makumi anayi atakhala pansi m'mizere atavala zoyera, akazi awo ndi abale pa mabenchi. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo pambali pake anakhazika Mayi Veronica, okalamba tsopano, atagwirizira pa miyendo chithunzi cha m'galasi cha amuna awo, chitayang'ana anthu. A Jamal anali mdala wamng'ono thupi, wa ndevu zoyera, wosamwetulira chisawawa. Maxon anasankha benchi la m'mbali, pamene akanatha kuona nkhope ya Golden bwinobwino.

Zomenyana zinatha msanga. Golden anagwetsa anyamata atatu motsatizana, anthu n'kuwomba m'manja. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, anatero Maxon chamumtima. Kenako a Jamal anatchula dzina lachijapani lija, ndipo holo inangoti zii.

Golden anayamba bwino, tisamunamizire. Manja anali olimba, mapazi akutsetsereka pa simenti. Anafika pakati, anakuwa mpaka malata kunjenjemera, n'kuzungulira kumanja ndi mtima wonse.

"Imani."

A Jamal sanakweze mawu. Anamuuza kuti abwereze malo omwewo, ndipo Golden anabwereza chimodzimodzi. Mdalayo anadzuka, anatola mopu imene inatsamira pa khoma, n'kukaima kumanzere kwake. "Kachitatu." Golden anakuwa, anatembenuka, ndipo mtengo wa mopu unamugogoda pa nkhongo kuti go! mopepuka, ngati munthu wogogoda pa chitseko cha apongozi.

"Mwafa, bambo," anatero a Jamal.

Wina kumabenchi anaphulika, kenako holo yonse. Ana ake omwe anabisa nkhope m'mawondo, mapewa akugwedezeka. Golden anaima pakati, thukuta likutsika, kukamwa kuli yasa, osadziwa kuti walakwa chiyani. Maxon sanaseke. Anangokhala, manja pa mawondo, n'kumamwa chisekocho pang'onopang'ono. Ankamva tayala la wilibala likugunda miyala ya pa msika, koma tsopano wokweramo anali wina. Kunali kukoma kwenikweni, ndipo amene anganene kuti kubwezera sikukoma ndiye kuti sanabwezerepo.

"Anakuphunzitsani zimenezi ndani?" anafunsa a Jamal.

Maxon anali atakonzeka kuti chala chimuloze, ndipo yankho anali nalo kale: ine ndinamuonetsa zoona, mutu wake ndiwo wouma. Koma Golden anawongoka n'kuloza chithunzi chili pa miyendo ya Mayi Veronica.

"Malemu Sensei Chikadza. Sitinasinthe kanthu, bwana. Achimwene anga awo, a Namakhwa, aisunga zaka zonsezi osaphonya tsiku. Ndi mmene anatisiyira."

A Jamal anachiyang'ana chithunzicho n'kupukusa mutu. "Ndinkamva za a Chikadza. Anthu ankati analibe pepala, ine n'kumawaikira kumbuyo, poti pepala silimenya. Koma masiku amenewo analipo ambiri amene ankasuzumira pa mpanda ku Joniko, n'kubwera kuno kudzadzimanga lamba okha. Munthu amene anaphunzitsidwadi sangapereke nkhongo pamenepa. Pepani amayi, koma amuna anu kata iyi sankaidziwa."

Chiseko chinazima. Mayi Veronica anangochigoneka chithunzicho chafufumimba pa miyendo yawo.

Maxon anangopezeka ataimirira. Msampha anatchera wa Golden, koma wakodwamo ndi mdala amene ankapalasa njinga Lamulungu lililonse kudzamudzutsa pansi. "Bwana, ndiloleni," anatero. Anavula jekete ndi nsapato n'kupinda thalauza. Ena anayamba kunong'onezana za Wilibala, koma atangowerama n'kutsegula manja, manong'onong'o anatha. Anthu a m'holomo anali asanaonepo chinthu chotere. Munthu wotsimphina uja anasowa. Panatsala wina amene akatchinga unkachita kumuona womenyayo, akaponya chibakera n'kumva chisoni ndi nthiti zosaoneka. A Jamal anaika mopu pansi. Mumtima mwa Maxon munalibe Golden tsopano, ankangoti onani, onani chimene anandipatsa. Anafika pakati. Anakuwa. Anazungulira.

Bondo silinawawe.

Ndicho chinamuuza kuti wazungulira kumanja. Anapezeka akuyang'ana mazenera m'malo moyang'ana chitseko, nkhongo yake ili kumene kunaima a Jamal. Masabata asanu ndi awiri a bodza, m'mawa ndi madzulo, anali atalowa m'miyendo n'kukhazikikamo.

"Mwaona?" anatero Golden, mtima utakhala pansi. "Ndi mmene anatiphunzitsira."

"Ayi!" Maxon anayang'ana a Jamal. "Bwana, a Chikadza ankapita kumanzere. Ndine ndinasintha. Ndinamunamiza dala munthuyu chifukwa cha bondo langali. Ndiloleni ndibwereze."

Anabwerera pa malo okuwa paja n'kudzikakamiza kumanzere, mutu ukuuza mwendo chochita. Bondo limene linali litapuma masabata onsewo linakana katundu. Linapindika, ndipo Maxon anagwa chammbali pa simenti.

"Umu ndi mmene amagwera munthu amene akuyesa koyamba," anatero a Jamal, mwachifundo ndithu. "Kuikira kumbuyo mphunzitsi wanu n'kwabwino, bambo, ndakupatsani ulemu. Koma pakamwa pamanena zimene pakufuna. Ine ndimakhulupirira miyendo, ndipo yanuyo yanena kale."

Amene anamudzutsa anali Golden, ndi manja awiri, n'kumusansa fumbi pa thalauza. "Musadzinamizire mlandu, achimwene. Sensei anatipatsa zimene anali nazo."

Chigamulo sichinachedwe. A Jamal anati Golden alibe mlandu, munthu sangadziwe chimene sanaphunzitsidwe. Iwo akhalako masiku ena awiri kuti amuwongole okha, ndipo sukuluyo ilembetsedwa. Koma dzina la Chikadza silingakhale pa pepala la bungwe, apeze lina. Ophunzira anawomba m'manja, ena akufuula kale kuti ingokhala ya Golden.

Maxon anatuluka nsapato zili m'manja. Panja anapeza Mayi Veronica akukulunga chithunzi chija m'chitenje, akudikira kabaza. Anagwada pa fumbi pomwepo, anthu akudutsa.

"Amayi, palibe amene akundikhulupirira. Ndikulumbira, ankapita kumanzere."

"Ine ndakukhulupirira, mwanawe," anatero mayiwo osamuyang'ana. "Zaka makumi atatu ndinkasesa pabwalo pamene chidendene chawo chinkakumba. Kumene ankatembenukira ndikukudziwa. M'holo monsemo ndine ndekha amene ndamva kuti ukunena zoona." Anamanga mfundo ya chitenje n'kukodola wakabaza. "N'chifukwa chake kwathu usadzapondeko. Ngakhale pa maliro anga."

Anakwera, chithunzi chili pachifuwa, ndipo wakabaza anapalasa kulowera kumsewu waukulu.